Pulogalamu yokonzera zithunzi ikudziyatsa yokha ndipo laputopu ikulemera, ndiiletse bwanji?

Wojambula ziphaso walemba:

Moni akuluakulu. Ndikupempha nzeru kwa odziwa za makompyuta. Laputopu yanga ndi ya Windows 10, purosesa Core i5, RAM ya 8 GB ndi hadi disiki ya 500 GB, yozungulira ija. Ntchito yake ndi kukonza zithunzi za ziphaso, za maukwati ndi makadi oitanira anthu. Muli Photoshop ndi Lightroom Classic zolipira, komanso EOS Utility ya kamera.

Ndikayatsa, sikirini imaoneka msanga ndithu, koma chilichonse chimene ndadina sichitseguka mpaka patadutsa mphindi zingapo. Kanyali ka disiki kamangoyaka osaphethira, fani nayo ili kulira. Kenako windo la Creative Cloud, pulogalamu ya Adobe yoyang'anira Photoshop ndi Lightroom, limadzitsegukira ndisanalifune. Ndikalowetsa memori khadi, Lightroom imatseguka pomwe ine ndimangofuna kukopera mafayilo basi. Mu Task Manager, windo loonetsa mapulogalamu amene akugwira ntchito, ndaonamo mayina ambiri: CCXProcess, CoreSync, AdobeGCInvoker-1.0 ndi ena. Ndi ziti zimene ndingazimitse osawononga Photoshop? Wina wandiuza kuti ndingofufuta mafayilo amenewa mu Program Files. Kodi ndi nzeru imeneyo?

Wamawaya wayankha:

Achimwene, mafayilo musafufute ngakhale imodzi. Mukatero, pulogalamu idzayamba kukupatsani mauthenga a zolakwika, mwinanso kukana kutseguka, ndipo apudeti yotsatira idzawabwezeretsa pomwepo. Chofunika ndi kuwaletsa kudzuka pamodzi ndi Windows, osati kuwachotsa.

Dziwani kaye kuti Photoshop yeniyeniyo siidziyatsa. Zimene zikudzuka ndi timapulogalamu toithandizira timene tinabwera nayo. CCXProcess imabweretsa zinthu za pa intaneti zooneka mkati mwa pulogalamu, monga maphunziro ndi matempuleti a pa tsamba loyamba. CoreSync imagwirizanitsa mafayilo ndi mafonti anu ndi akaunti yanu ya pa intaneti. CCLibrary imasamala za Libraries, momwe anthu amasungamo malogo ndi mitundu. AdobeGCInvoker-1.0 ndi mbali ya dongosolo loona ngati pulogalamu ndi yogula movomerezeka. Zambiri mwa izi, Photoshop imaziitana yokha ikamatseguka, choncho palibe chifukwa choti zidzuke inu musanakhale n'komwe pansi.

Yambani mkati mwa pulogalamu momwemo, osati mu Windows. Chifukwa chake n'chakuti mukazimitsa mu Windows mokha, pulogalamuyo imakumbukirabe kuti inauzidwa kudziyatsa, ndipo nthawi ina ikadzikonza imadzilembetsanso. Tsegulani Creative Cloud, dinani kachizindikiro ka akaunti yanu kumtunda kudzanja lamanja, sankhani Preferences, kenako General. Pamenepo zimitsani Launch Creative Cloud at login. Muli pomwepo, pitani pa Apps n'kuzimitsa Auto-update, kuti apudeti muzipanga nokha nthawi imene mulibe kasitomala ndipo muli ndi intaneti yokwanira.

Mukamaliza, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager itseguke. Ikatseguka kawindo kakang'ono, dinani More details pansi pake. Pitani pa Startup. Kwa amene ali pa Windows 11 yatsopano, dzina lake ndi Startup apps ndipo lili pamndandanda wa kumanzere. Dinani mutu wa Startup impact kuti zolemera zikhale pamodzi. Mawu amenewa ali ndi muyezo wake, si ongoyerekeza. High ndiye kuti pulogalamuyo imadya nthawi ya purosesa yoposa sekondi imodzi, kapena imawerenga ndi kulemba pa disiki zoposa 3 MB podzuka. Medium ndi pakati pa mamilisekondi 300 ndi sekondi imodzi, kapena pakati pa 300 KB ndi 3 MB. Low ndi zochepera pamenepo. Not measured ndiye kuti Windows sinaiyezebe, osati kuti ndi yopepuka.

Dinani kudzanja lamanja pa dzina lililonse n'kusankha Disable. Zimene mungazimitse mtima uli m'malo ndi Adobe Creative Cloud, CCXProcess, AdobeGCInvoker-1.0, ndi AdobeAAMUpdater-1.0 ngati ilipo, imene kawirikawiri ndi yotsalira ya mavesheni akale. Onjezanipo zina zosakhudza zithunzi zimene zimakonda kudzilembetsa, monga Teams, Spotify ndi OneDrive ngati simuigwiritsa ntchito. Disable sifufuta kanthu. Mukaona kuti china chasokonekera, mumangobwerera n'kudina Enable.

Zimene musakhudze ndi izi: Windows Security notification icon kapena antivairasi imene muli nayo, dalaivala ya mawu monga Realtek, ya touchpad monga Synaptics, ndi ya cholembera cha Wacom ngati mumakonza zithunzi ndi tabuleti. Chinanso chimene ojambula ambiri sachidziwa: ngati sikirini yanu inayezedwa mitundu ndi kachipangizo monga Spyder, kapulogalamu kake kamene kali mu Startup kamathandiza kuika mitundu yoyezedwayo nthawi iliyonse mukayatsa. Mukakazimitsa, mutha kukonza khungu la munthu pa sikirini yosocheretsa mitundu, chithunzi n'kutuluka pa pepala chofiirira kapena chobiriwira. Dzina limene simukulidziwa, dinani kudzanja lamanja n'kusankha Open file location. Foda imene litakutengereni idzakuuzani mwini wake.

Malo ena awiri oti muonemo. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani shell:startup n'kudina Enter. Bwerezani ndi shell:common startup. Foda yoyamba ndi ya akaunti yanu yokha, yachiwiri ndi ya aliyense wogwiritsa ntchito laputopuyo. Zimene zili mmenemo ndi mashotikati chabe, ndipo awa okha ndi amene mungachotse popanda kuwononga pulogalamu.

Pomaliza pitani ku Settings, Accounts, Sign-in options, mupeze Restart apps. Ikakhala yoyatsa, Windows imatsegulanso mapulogalamu ena amene munawasiya otsegula pozimitsa. Anthu ambiri amavutika kufufuza mu Startup pomwe choyambitsa chili apa. Mukatha zonsezi dinani Restart, osati Shut down.

Mayi wa zosindikiza ayankha:

Zimene anena a Wamawaya n'zoona. Ine ndiyankhe za memori khadi, chifukwa imeneyo ndi nkhani ina, siikhudzana ndi Startup.

Pali zinthu zitatu zimene zimalimbirana khadi kapena kamera ikangolowa. Choyamba ndi Lightroom Classic yomweyo. Pitani ku Edit, Preferences, General, ndipo chotsani chongi pa Show import dialog when a memory card is detected. Chachiwiri ndi AutoPlay ya Windows. Pa Windows 10 ili ku Settings, Devices, AutoPlay, pomwe pa Windows 11 ili pansi pa Bluetooth & devices. Pa Memory card sankhani Open folder to view files, kapena Take no action. Ngati kamera yanu ikuonekanso pamndandandawo ndi dzina lake, isintheni payokha, poti Windows imakumbukira chipangizo chilichonse padera. Mukasintha ku Lightroom kokha n'kuiwala AutoPlay, pulogalamu idzatsegukabe ndipo mudzayesa kuti sizinagwire.

Chachitatu ndi EOS Utility. Imaika kachizindikiro pafupi ndi wotchi, kudikira kuti chingwe cha kamera chilowe. Dinani kudzanja lamanja pa kachizindikiroko, mupeza posankha kuti isamadzitsegukire kamera ikalumikizidwa, ndipo mu Startup muizimitsenso. Ngati mumajambula ziphaso kamera ili pa chingwe kuti chithunzi chizifikira pa laputopu, muziitsegula nokha m'mawa, imagwira chimodzimodzi. Ngati mumangosamutsa mafayilo, khadi rida, kachipangizo kowerengera memori khadi, ndi yabwino kuposa chingwe ndipo siimaliza batire ya kamera.

Chenjezo langa lili pa mafonti, popeza mwati mumapanganso makadi a ukwati. Mafonti a Adobe Fonts sakhala mu foda ya Fonts ya Windows ngati ena aja. Amadalira Creative Cloud ndi akaunti yanu kuti aoneke. Tsiku lina mukadzatsegula fayilo ya khadi n'kupeza uthenga woti fonti ikusowa, musathamangire kuvomera kuti ilowe m'malo ina, chifukwa mizere ya mayina idzasuntha ndipo zolemba zidzatuluka kunja kwa malire odulira. Tsekani fayiloyo osasunga, tsegulani Creative Cloud nokha, dikirani pang'ono, kenako tsegulaninso. Khadi imene kasitomala waivomereza kale, sungani kope lake lina la PDF kapena JPG kuti posindikiza musadalire fonti.

Mudzaonanso kusintha pa bandulo. Apudeti imodzi ya Photoshop imatha kupitirira 1 GB, ndipo ngati laputopu imalumikizidwa ku foni, imeneyo ndi data ya masiku angapo yopita mosadziwa. Ku Settings, Network & Internet, Wi-Fi, tsegulani netiweki ya foniyo n'kuyatsa Set as metered connection. Izi zimachepetsa zimene Windows imadzitengera yokha, koma si mapulogalamu onse amene amamvera lamulo limeneli, n'chifukwa chake Auto-update ija ndi yofunika kuizimitsa payokha.

Kapulogalamu ka printa koonetsa inki, ka Epson kapena Canon, kasiyeni ngati mumasindikiza tsiku lililonse. N'kopepuka, ndipo ndi kamene kamakuuzani za pepala lokodwa.

Wojambula ziphaso walemba:

Zikomo kwambiri akulu ndi mayi. Ndachita zonse. Windo la Creative Cloud lasiya kudzitsegukira ndipo khadi ikungotsegula foda. Koma zinthu ziwiri zatsala. Ndikatsegula Photoshop n'kuitseka, CCXProcess ndi mayina ena a Adobe akumatsalabe mu Processes ya Task Manager. Komanso Disk ikukhalabe pa 100% kwa kanthawi ndikangoyatsa, ngakhale kuti si ngati kale. Ndalakwitsa pena?

Sikuludalaiva wayankha:

Simunalakwitse, achimwene. CCXProcess, CCLibrary, AdobeIPCBroker ndi Adobe Desktop Service zimaitanidwa ndi Photoshop ikamatseguka, ndipo sizitsekeka nayo limodzi. Umo ndi mmene zinapangidwira. Chimene mwazimitsa ndi kudzuka kwake pa nthawi yoyatsa, ndipo mayeso ake ndi awa: pangani Restart, osatsegula kanthu, muone mu Processes. Ngati mulibe, zatheka. Zikatsalira masana mutatseka Photoshop ndipo mukufuna RAM yake, End task imazichotsa popanda vuto, bola pasakhale fayilo imene ikutumizidwa ku akaunti yanu nthawi imeneyo.

Tsono Startup ya mu Task Manager siionetsa zonse. Windows ili ndi makomo ena awiri olowera, ndipo mapulogalamu a apudeti amakonda kudzera kumeneko.

Loyamba ndi Task Scheduler. Windows ndi R, lembani taskschd.msc, dinani Task Scheduler Library. Yang'anani mzere wa Triggers. Zimene zalembedwa At log on kapena At startup ndi zimene zikukukhudzani. Mutha kupezamo Adobe Acrobat Update Task ngati muli ndi Acrobat Reader, AdobeGCInvoker-1.0 kachiwiri, ndi za apudeti za Corel kwa amene ali ndi CorelDRAW. Dinani kudzanja lamanja, Disable. Osati Delete. Foda ya Microsoft imene ili mkatimo musaikhudze.

Lachiwiri ndi maservice, timapulogalamu togwira ntchito kuseri osaonekera: Windows ndi R, lembani services.msc. Mupezamo AdobeUpdateService, Adobe Acrobat Update Service, Adobe Genuine Monitor Service ndi Adobe Genuine Software Integrity Service. Apa pali zosankha zinayi pa Startup type. Automatic imadzuka ndi Windows. Automatic Delayed Start imadikira pafupifupi mphindi ziwiri zinzake zitadzuka kale. Manual imadzuka pokhapokha yaitanidwa. Disabled siidzuka ngakhale iitanidwe. Ya Acrobat ikani pa Manual, koma mukatero muzikumbukira kupanga apudeti ya Reader nokha, chifukwa mafayilo a PDF ochokera kwa makasitomala ndi njira imodzi yolowera mavairasi.

Amene akufuna kuona makomo onse pa windo limodzi atenge Autoruns, ya ulere, yochokera ku Sysinternals ya Microsoft. Siifuna kuikidwa, mumangoitsegula ndi Run as administrator. Ku Options chongani Hide Microsoft Entries, kenako onani Logon, Scheduled Tasks ndi Services. Kuchotsa chongi ndi kuzimitsa, kubwezera chongi ndi kuyatsanso. Mizere yachikasu ndi ya mafayilo amene kulibenso, zotsalira za mapulogalamu ochotsedwa kale. Tsamba la Drivers lisiyeni, kumeneko munthu amatha kuletsa laputopu kuyaka. 

Koma ndinene zoona zake za 100% ija. Gwero lake ndi disiki, osati Adobe yokha. Hadi disiki ya laputopu kawirikawiri imazungulira maulendo 5400 pa mphindi ndipo ili ndi kamkono kamodzi kowerengera, kamene kamayenera kusuntha kupita pamene pali fayilo iliyonse. Fayilo imodzi yaikulu imaiwerenga bwinobwino, pafupifupi 100 MB pa sekondi. Timafayilo tambirimbiri tomwazikana, timene Windows imafuna podzuka, ndiye timaigwetsa mpaka 1 kapena 2 MB pa sekondi, uku Task Manager ikulemba 100%. Zili ngati mjigo umodzi m'mudzi m'mamawa, aliyense wafika ndi ndowa yake nthawi imodzi. Mwachepetsa mzere, koma Windows Update, antivairasi ndi Windows Search zikadali pomwepo.

Kuti muone wolemetsa disiki ndi maso anu, dinani Windows ndi R n'kulemba resmon mukangoyatsa, pitani pa Disk, ndipo sanjani ndi Total B/sec. MsMpEng.exe ndi antivairasi ya Windows, TiWorker.exe ndi apudeti, SearchIndexer.exe ndi yofufuza mafayilo. Mukaona pagefile.sys ili pamwamba nthawi imene Photoshop ndi Lightroom zili zotsegula, ndiye kuti RAM yatha ndipo Windows ikubwereka malo pa disiki. Photoshop payokha imabwera itaikidwa kuti itenge mpaka 70% ya RAM imene ilipo, ku Edit, Preferences, Performance. Pa 8 GB musatsegule ziwirizi pamodzi ndi Chrome ya matabu ambiri.

Yezaninso thanzi la disikiyo ndi pulogalamu yotchedwa CrystalDiskInfo. Ikalemba Good, ndi yochedwa chabe. Ikalemba Caution, makamaka pa Reallocated Sectors Count kapena Current Pending Sector Count, koperani zithunzi za makasitomala lero lomwe, chifukwa disiki yotere imachedwa poyesa kuwerenga malo owonongeka mobwerezabwereza, ndipo mapeto ake ndi kufa. Laputopu imene imazima mwadzidzidzi magetsi akathima chifukwa batire inafa, kapena imene imanyamulidwa ikugwira ntchito, ndi imene imafika msanga pamenepa.

Mankhwala enieni ndi disiki ya mtundu wa SSD, ya SATA, mainchesi 2.5, yochindikala 7 mm, imene imalowa pamalo pomwe pali hadi disikiyo. Ilibe chozungulira, imafika pafupifupi 500 MB pa sekondi, ndipo pa timafayilo ting'onoting'ono kusiyana kwake n'kwakukulu kuposa apo. Ya 240 kapena 256 GB ikwanira Windows ndi mapulogalamu, koma kwa wojambula ndibwino ya 480 kapena 500 GB, chifukwa Photoshop imafuna malo opanda kanthu ogwirirapo ntchito pa disiki, otchedwa scratch disk, ndipo katalogi ya Lightroom imakula ndi mapuliviyu ake. Disiki yakaleyo, ngati ili Good, ikani mu kabokosi ka USB kapena mu caddy, kathireyi kolowa pamalo a DVD, muzisungiramo zithunzi zomalizidwa. Ma caddy alipo a 9.5 mm ndi 12.7 mm, yezani musanagule. Ndalama zikakhala zokwanira chinthu chimodzi, yambani ndi SSD, RAM ya 16 GB ibwere pambuyo.

Wamawaya wayankha:

Ndikugwirizana ndi a Sikuludalaiva pa SSD. Ndiwonjezere pa services, chifukwa apa ndi pamene anthu amadzipweteka. AdobeUpdateService musaiike pa Disabled. Creative Cloud imaidalira poika ndi pokonza mapulogalamu, ndipo tsiku limene mudzafune apudeti mutha kukumana ndi uthenga wa zolakwika osadziwa kuti unachokera pati. Ngati mukufuna kuichotsa pa mpikisano wa m'mawa, Automatic Delayed Start yakwana. Ziwiri za Genuine zija sizilemera kwenikweni, ndipo kwa munthu wolipira ngati inu kulimbana nazo sikupindulitsa kanthu. Sinthani chinthu chimodzi kapena ziwiri, pangani Restart, tsegulani Photoshop muone, kenako pitirizani. Mukazimitsa khumi nthawi imodzi china n'kusokonekera, simudzadziwa chobwezera.

Laisensi siikhudzidwa ndi zimene mwazimitsa mu Startup. Mapulogalamuwo amayesa kuitsimikiza pa intaneti masiku 30 alionse. Amene ali pa mgwirizano wa chaka amatha kugwira ntchito popanda intaneti mpaka masiku 99, a mwezi ndi mwezi mpaka masiku 30. Ndiye laputopu ya mu studio imene siilumikizidwa kawirikawiri, ilumikizeni kamodzi pa mwezi Photoshop ili yotsegula.

Chifukwa chimene tikunenera Restart osati Shut down ndi Fast startup. Ikakhala yoyatsa, Shut down imatseka akaunti yanu koma mtima wa Windows ndi maservice ake imawasunga mu fayilo ya hiberfil.sys n'kudzawadzutsa mmene analili. Restart ndiyo imayambira pachiyambi. Onani mu Task Manager, Performance, CPU, pamene palembedwa Up time. Ikaonetsa masiku ambiri pomwe mumazimitsa madzulo alionse, ndi Fast startup imeneyo. Pa hadi disiki imathandiza kuyaka msanga, choncho isiyeni, muzingopanga Restart kamodzi pa sabata komanso mukasintha kalikonse mu services.

Kuti musamayeze ndi maganizo, Windows imalemba yokha nthawi imene yatenga podzuka. Tsegulani Event Viewer, Applications and Services Logs, Microsoft, Windows, Diagnostics-Performance, Operational. Event ID 100 imapereka Boot Duration m'mamilisekondi, ndiye 90000 ndi masekondi 90. Event ID 101 imatchula dzina la pulogalamu imene inachedwetsa. Yerekezani nambala ya musanasinthe ndi ya mutasintha. Last BIOS time ya pa tsamba la Startup ndi yosiyana, imangowerenga nthawi Windows isanayambe n'komwe, ndipo siisintha ndi zimene mwazimitsa.

Kwa ena owerenga amene Photoshop yawo anawaikira kumsika kuchokera pa flashi: mukapeza mu Startup kapena mu Task Scheduler dzina losamveka, lopanda Publisher, lochokera mu foda ya AppData kapena Temp, ndipo purosesa ikugwira ntchito mwamphamvu inu musakuchita kanthu, imeneyo si ya Adobe. Makope obedwa nthawi zambiri amabwera ndi mapulogalamu oipa obisika mkati, ena okumba ndalama za crypto ndi purosesa yanu, ena oba mapasiwedi. Disable siikwanira pamenepo. Pangani Microsoft Defender Offline scan kuchokera mu Windows Security, Virus & threat protection, Scan options. Pa ntchito ya ziphaso, yodula chithunzi, kuyeretsa kumbuyo ndi kusanja zingapo pa pepala limodzi, GIMP ndi yaulere, imakwanitsa, ndipo siidzilembetsa mu Startup.

A Mac, zanu zili ku System Settings, General, Login Items kuyambira macOS Ventura, ndipo muonenso gawo la Allow in the Background pansi pake. Pa mavesheni akale ndi System Preferences, Users & Groups, Login Items. Batani la Launch Creative Cloud at login lija ndi limodzimodzi.

Achimwene Wojambula, apudeti yaikulu ya Creative Cloud ikadutsa, bwererani mu Startup mukaonenso, poti CCXProcess nthawi zina imapezeka yabwerera pa Enabled. Ndipo titumizireni zimene CrystalDiskInfo yalemba musanagule SSD, chifukwa ngati ndi Caution, kukopera disiki yonse kupita ku yatsopano kumatha kulephera pakati, ndipo njira yabwino idzakhala kuika Windows yatsopano n'kusamutsa zithunzi ndi katalogi ya Lightroom pazokha.